Mzere wa Mchere

M'mawa umene Fanny anabwerera kuntchito atachoka kumaliro a mwamuna wake, anapeza kamzere koyera pakhomo la khitchini. Kanali kowonda ngati ulusi, kochokera mbali iyi ya chitseko kukafika mbali inayo, ndipo kanali katanyowa ndi nkhungu ya usiku. Anawerama, anatsinako pang'ono n'kuika palilime. Unali mchere. Anaganiza kuti wina wadontheza ponyamula thumba lobooka, choncho anatenga tsache n'kusesa, kenako anakoleza moto wa tiyi monga ankachitira masiku onse.

Nyumba ya alendo imene ankagwirako ntchito inali pamwamba pa phiri la Zomba, mkati mwenimweni mwa mitengo ya paini, kumene dzuwa limatuluka mochedwa ndipo nkhungu imalowa m'zipinda osagogoda. Zinali zaka zija matipate itakhazikika, mawekishopu atamera ponseponse ngati bowa. Mabwana a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankabwera ndi magalimoto aataliatali, n'kudzitsekera muholo, n'kumamata mapepala m'makoma onena za ufulu wa amayi, ufulu wa antchito, ufulu wa ichi ndi icho. Akatopa ndi ufulu ankatuluka kukadya. Ndipo chimene ankachikumbuka akabwerera kwawo sichinali cha pamapepala paja ayi, inali nkhuku ya Fanny.

Fanny anali mayi wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo luso lake lonse linali m'zala. Mchere sankayeza ndi supuni. Ankangotapa n'kuwaza, ndiwo n'kutuluka bwino lomwe, moti ngakhale mlendo wovuta, wa mtundu uja wothira mchere asanalawe, botolo la patebulo sankaligwira.

Mwamuna wake, Luka, anali dalaivala wa lole yotsitsa matabwa kuchokera kuphiri. Anadwala miyezi ingapo n'kumwalira, ndipo anakamuika kwawo, kumunsi kwa mtsinje wa Shire. Kumeneko achibale anakhazika Fanny pansi n'kumuuza za mwambo wa kulowa kufa: kuti mkazi wamasiye agone ndi mwamuna amene iwo amusankha, imfa ichoke m'thupi mwake. Akapanda kutero, ankati, imfayo imatsalira m'manja, ndipo mchere umene angathire m'ndiwo umadula aliyense wodya, miyendo n'kutupa, chifuwa n'kugwira, mpaka kumanda. Fanny anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anawauza alamu akewo kuti thupi lake si mphasa ya pamaliro yoti aliyense n'kukhalira. Anatenga ana ake awiri, anakawasiya kwa mkulu wake ku Chinamwali, iye n'kukwera phiri. Chodyetsera anawo chinali chimodzi basi, ntchito yake yophika ija.

Koma nkhani inali itamutsogolera kale. Amene anaikweza phiri sadziwika mpaka lero. Miseche ya pantchito ndi yoipa kuposa ya kumudzi, chifukwa ya kumudzi ukatopa nayo umatseka chitseko, pamene ya pantchito umailawirira m'mawa uliwonse, n'kuipatsanso moni. Palibe amene anamulankhula choipa. Onse anamupepesa bwinobwino, ena mpaka kugwetsa misozi. Kungoti akalowa m'chipinda nkhani inkazima, akatuluka n'kuimva ikuyakanso kumbuyo kwake. Kapu yake ya tiyi anaipeza ili payokha pawindo. Nthawi ya chakudya cha antchito mbale zinkabwerera zodzaza, aliyense atapeza matenda ake: uyu m'mimba, uyu dzino, uyu akusala kudya.

M'mawa wotsatira kamzere kaja kanalipo ndithu, konenepako pang'ono. Anasesanso. Mawa lake kanabwera ndi kanzake, pakhomo la stolo yosungiramo zakudya. Kenako mzere wina unazungulira kampando kamene Fanny ankakhalira posenda mbatatesi, ndipo unali wozungulira bwino, ngati wa munthu amene sanali pachangu.

Chodabwitsa chinali chakuti mantha anagwira aliyense. Aggie, mtsikana amene Fanny anamuphunzitsa yekha kuphika atabwera asakudziwa ngakhale kukazinga dzira, ankafika pakhomo paja n'kuima ngati waona njoka. Oyeretsa m'zipinda ankayenda awiriawiri. Matumba a mchere m'stolo ankachepa, chonsecho makiyi ankagona m'thumba la bwana Winston, mkulu wa panyumbapo.

Tsiku lina madzulo, Fanny akutola nkhuni kuseri kwa khitchini, anamva kunong'ona kukuchokera pawindo. Anali Aggie ndi Dunstan, bambo wanthabwala amene ankaperekera zakudya kwa alendo.

"Ndi amuna awo," anatero Aggie. "Akumabwera usiku."

"Mzimu n'kumasewera ndi mchere? Si paja mizimu mchere imauthawa?"

"Nanga ndani? Inuyo, achimwene, munamuonapo munthu?"

"Ine sindinaone kanthu. Koma ukuti zakwawo zija anakanadi?"

"Anthu akutero."

"Ndiye ine zotola nthuli mupoto mwawo ndasiya lero," anatero Dunstan. Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali.

Anachedwa kusiya, anthu anatero pambuyo pake. Patangopita masiku, nsapato zinayamba kumuthina Dunstan. Kenako anayamba kuperekera zakudya atavala patapata, mapazi atatupa n'kumanyezimira. Kenako chifuwa, chouma, chosatulutsa kanthu, chimene usiku chinkamveka m'zipinda zonse za antchito. Anamutsitsira kuchipatala m'tauni. Madokotala ananena zawo, za impso ndi madzi m'thupi, koma mawu a madokotala sanakwere phiri. Limene linakwera linali liwu limodzi lokha, loti mdulo.

Bwana Winston anaitanira Fanny muofesi. Anali munthu wovala taye ngakhale Loweruka, ndipo Chingelezi ankachikonda kuposa mkazi wake, koma tsiku limenelo analankhula Chichewa chofatsa.

"Khalani, mayi. Ine zamiyambo izi sindikhulupirira, mukudziwa, ndinapita kusukulu. Koma pantchito pamafunika mtendere. Kuyambira mawa muyambe mwathandiza kaye kochapira."

"Ndalakwa chiyani, bwana?"

"Simunalakwe."

"Alendo adandaula ndi chakudya?"

"Ayi ndithu. Kungoti anthu akulankhula."

"Anthu ake ati?"

Winston anayang'ana kudenga ngati mayina analembedwa kumeneko. "Anthu basi. Tione mmene zikhalire. Zikapanda kusintha, mwina mudzafunika kukapuma kaye kunyumba."

Fanny ankakudziwa kupuma kwa mtundu umenewo. Mwa onse amene anapumitsidwapo panyumba ija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera.

Kochapira kunali kuseri kwa nyumba, moyang'anana ndi mdadada wa zipinda za antchito. Inali nyengo ya chiperoni, kamvula kowaza kosatha, ndipo nsalu za pabedi zikayanikidwa sizinkauma. Zinkangolendewera m'nkhungu, zoyera, zolemera, zikugwedezeka pang'onopang'ono popanda mphepo, moti Fanny akamadutsa pakati pake ankaiwala ngati kuli m'mawa kapena madzulo. Fungo la anyezi wokazinga linkamupeza komweko kuchokera kukhitchini, ndipo ankadziwa ndi mphuno yokha kuti Aggie wachulutsa moto. Zinkamupweteka kwambiri. Manja ake anatuwa ndi sopo, n'kuyamba kuoneka ngati a munthu wina.

Usiku tulo tinkabwera modukizadukiza. Madontho ochokera m'mitengo ya paini ankagwera padenga la malata amodziamodzi, ngati wina akuganizira kaye asanagwetse lotsatira. Kumtunda kumatanthwe anyani ankatsokomola ngati nkhalamba. Ndipo kuseri kwa zonsezi, kutali kwambiri kumunsi kwa msewu wokhotakhota uja, Fanny ankamva lole ikukwera. Inkalira, n'kusintha giya, n'kuliranso, n'kusowa pakona, n'kumvekanso, koma sinkafika. Ankadziwa bwino kuti malole a matabwa sakwera phiri usiku. Ankangogona chagada n'kumaimvetsera, osati ndi mantha kwenikweni, koma ndi mtima wa munthu woyembekezera mlendo amene wachedwa panjira.

Mzere uja unamutsatira. Kukhitchini unasiya, n'kudzapezeka pakhomo la chipinda chake, chimene chinali chomalizira kumapeto kwa mdadada. M'mawa uliwonse unkakula. Unachoka pakhomo n'kutsata khoma, unakhota pakona, unafika pansi pa windo, ngati cholinga chake chinali kuzungulira chipinda chonse n'kumutsekera mkati. Fanny anasiya kusesa. Ankangoudumpha, koma akaudumpha ankamva kuzizira kukukwera m'miyendo.

Munthu yekhayo amene ankalandirabe tiyi kuchokera m'manja mwake anali Che Stambuli, mlonda wa usiku, nkhalamba ya chikhoti chachitali chofika m'maondo. M'mawa wina, asanaweruke, Fanny anawafunsa motsitsa mawu.

"Che Stambuli, simunaonepo munthu pakhomo panga usiku?"

Che Stambuli anayang'ana uku ndi uku. "Amama, nkhungu yake imeneyi ngakhale dzanja lako suliona," ananong'ona. "Koma ndimamva. Kuno kumayenda chinthu. Ine ndimangopemphera basi."

"Chinthu chanji?"

"Kaya. Mukanangopita kwawoko, amama, mukathane nazo. Si kuti ndikunena kanthu ayi."

Fanny anatenga kapu ija n'kukaitsuka.

Tsiku lake lopuma anatsika phiri wapansi, kutsata kanjira kachidule limodzi ndi amayi osenza nkhuni. Nkhungu inathera pakati pa phiri ngati yodulidwa ndi mpeni. M'tauni munali dzuwa, fumbi, makondakitala akuitanira a ku Limbe, ndipo iye anadabwa kuti dziko likadali ndi phokoso. Anafunsira njira ya ku leba, kumene antchito amakadandaula. Kumeneko anapeza mayi wina wa magalasi, dzina lake Rosebell, amene anamumvetsera osamudula mawu mpaka nkhani yonse inatha.

"Mayi," anatero Rosebell, "lamulo la ntchito likunena poyera. Munthu sasalidwa chifukwa ndi mkazi, kapena chifukwa mwamuna wake anamwalira. Kukuchotsani kukhitchini pa chifukwa chimenecho ndi tsankho, ndipo akakuchotsani ntchito, nkhaniyi ikhoza kukafika kukhoti. Koma abwana anuwo akadzati anangokusinthani malo monga amasinthira aliyense, tidzawayankha chiyani? Ananena ndani kuti mchere wanu ukudwalitsa anthu?"

"Anthu."

"Anthu sindingawaitane muofesi muno. Ndimaitana munthu, wa dzina lake. Nanga mcherewo akuthira ndani pakhomo panu?"

"Akuti malemu amuna anga."

Rosebell anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Amenewonso sindingawaitane. Mukapeze wamoyo, mudzandiuze. Phirilo ndidzakwera ndekha."

Fanny anapatukira ku Chinamwali kukaona ana. Wamng'ono anamufunsa chifukwa chake manja ake akukanda. Anamuuza kuti ndi kuzizira, anawasiya akusewera, n'kuyambanso ulendo wokwera.

Usiku womwewo anatseka chipinda chake ngati wagona, anazungulira kuseri, n'kukalowa kochapira atafunda bulangete. Anakhala pachitini chogadabuza, pafupi ndi windo lopanda galasi limene linayang'ana pakhomo pake. Magetsi anali atazima monga mwa nthawi zonse. Mwezi unali kwinakwake pamwamba, wosaoneka, ndipo nkhungu inkaoneka ngati ikuwala yokha, kuwala kotuwa kosachokera mbali iliyonse. Nsalu zoyanika panja zinali zitaima m'mizere yake. Madontho ankagwa. Lole ija inayamba kulira kumunsi.

Woyamba kubwera anatulukira pang'onopang'ono, mutu kaye kenako mapewa, ngati munthu wovuuka m'madzi. Anali wopanda nsapato, atafunda chitenje kumutu, atagwira kapu ndi manja awiri. Anagwada pakhomo la Fanny n'kuyamba kuthira mchere. Munthuyo atatembenuka, Fanny anazindikira nkhope ya Aggie. Mtsikanayo ananong'ona kuti, "Mundikhululukire, achemwali," kulankhula ndi chitseko, kenako anathawa monyang'ama. Fanny anali atamuphunzitsa mwanayu kugwira mpeni, ndipo atadwala malungo ndi iye anamuphikira phala.

Ankati adzuke, poti dzina anali atalipeza, koma anamva nsapato zolemera zikukwekwereza miyala ya panjira. Anali Che Stambuli. Atafika pakhomo paja n'kuona mzere watsopano uli mbee, anabwerera chambuyo mpaka chibonga chinagwa. Anaima akupuma mothamanga, milomo ikutchula mapemphero. Kenako anapisa m'chikhoti, anatulutsa kapepala kokulunga, n'kuyamba kuthira mchere wawo kuyambira pamene wa Aggie unathera, kutsata khoma mpaka pakona, maso ali kumbuyo nthawi yonse.

Panapita nthawi yaitali. Miyendo ya Fanny inachita dzanzi. Ndiye kunabwera kakuwala kofiira kakuyandama m'nkhungu, tochi yophimbidwa ndi zala. Mwini wake anali atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, masilipasi akumira m'matope. Kuwala kuja kutagwera pa mzere wautali uja, kunayamba kuvina. Munthu wopita kusukulu uja, bwana Winston, anagwada pansi, anang'amba paketi ya mchere ndi mano, n'kuikhuthula yonse pansi pa windo la wantchito wake. Pobwerera silipasi imodzi inatsalira m'matope, ndipo anaima kaye kulingalira ngati n'koyenera kuibwerera.

Apa ndi pamene Fanny anamvetsa. Aliyense ankathira wake pang'ono kuti atsekereze imfa isamupeze, osauza mnzake. Ndipo aliyense akaona mchere umene sanathire iye, ankati ndi wa mzimu, n'kubwera ndi wochuluka usiku wotsatira. Anthu akuluakulu, a ndevu ndi ana kunyumba, ankadziopseza okha ndi mchere wa m'stolo. Fanny analuma bulangete kuti asaseke. Mapewa anagwedezeka, anagwedezeka, mpaka anazindikira kuti sakusekanso, akulira.

Akanadzuka pamenepo, bwenzi nkhani itathera pabwino. Koma thupi linali litalemera, bulangete litafunda, zikope zikutsika zokha. Anakhalabe pachitini paja akumvetsera madontho. Kenako anazindikira kuti chinachake chasowa. Anatchera khutu. Lole ija sinkamvekanso. Sinasowe pakona monga inkachitira. Inali itazima, mmene galimoto imazimira ikafika kumene imapita.

Munthu wachinayi sanamveke mapazi. Nkhope analibe, kapena nkhungu inali itaiphimba. Anali malo chabe akuda pang'ono pakati pa kutuwa konse kuja, aatali ngati mwamuna. Anafika pakhomo n'kugwada bondo limodzi, dzanja lina lili pantchafu, momwe Luka ankagwadira poyang'ana matayala asananyamuke. Uyu sanathire kanthu. Anatambasula chikhatho n'kuyamba kusesa mchere uja, pang'onopang'ono, kukankhira mbali iyi ndi mbali inayo. Atamaliza anaimirira, anayang'ana chitseko, n'kungoima, monga amaimira munthu amene wanena odi ndipo akudikira kuti amuyankhe. Mphepo yochepa inadutsa pawindo itanyamula fungo la dizilo ndi utuchi. Fanny anafuna kuitana, koma lilime linali litagona. Nsalu ina inakupiza n'kuphimba windo, ndipo itabwerera pakhomo paja panalibe aliyense.

Anadzidzimuka kunja kutayera, khosi likupweteka. Sankadziwa ngati anagona, kapena ngati anagona, tulo tinamutenga pati. Anatuluka n'kukaima pakhomo pake. Mzere unali pomwepo, wa Aggie, wa Che Stambuli, ndi mulu wa bwana pansi pa windo. Koma pakati penipeni pa khomo panali mpata wosesedwa bwino, wokwana munthu mmodzi kudutsa.

Fanny atamutumizira uthenga, Rosebell anasunga mawu ake. Anakwera phiri, n'kusonkhanitsa antchito onse muholo, momwe mapepala a wekishopu yapitayo anali akadali m'makoma ndi zilembo zake zikuluzikulu. Fanny anaimirira n'kufotokoza zimene anaona, mmodzimmodzi, amene anayamba, amene anatsatira, ndi zimene aliyense anavala. Sanakweze mawu. Atatchula za silipasi yotsalira m'matope, wina kumbuyo anatsokomola chifuwa chabodza.

Aggie anaphimba nkhope n'kuyamba kulira. Che Stambuli anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ndiye wa pakhomo uja unali wako, iwe mwana?"

"Ine ndinkangothira pakhomo pokha," anatero Aggie akusisima. "Wa m'khoma uja ndimayesa ndi wa malemu."

"Wa m'khomawo ndi wanga," anatero Che Stambuli. " Nanga wa pawindo?"

Onse anatembenukira kwa bwana Winston. Anayesa kunena kuti kusintha anthu malo ndi dongosolo la ntchito, koma Rosebell anamufunsa modekha ngati kugwada pawindo la wantchito usiku ndi paketi ya mchere kulinso m'dongosololo. Anamufotokozera zimene lamulo limanena, ndi kumene nkhani ngati imeneyi imakathera bwana akauma mutu. Anauzanso ena onse kuti mawu amene amanong'onezana kuseri akhoza kumulanda munthu ntchito, ndipo akatero mlandu umakhala nawo eni ake. Winston anavomera kuti mayi Fanny abwerere kukhitchini tsiku lomwelo. Pofuna kudzichotsa manyazi anawonjezera kuti madzulo amenewo antchito onse adya chakudya cha mayiwa, ndipo iye ndi amene ayambe.

Rosebell akusonkhanitsa zinthu zake, anafunsa funso lomaliza. "Palibenso wina amene munamuona usiku umenewo, mayi?"

Fanny anayang'ana manja ake. "Ayi. Ndi omwewa."

Dalaivala amene anabweretsa katundu masana amenewo anabweranso ndi uthenga wa kuchipatala. Dunstan sanali bwino. Kutupa kunali kutafika m'ntchafu, ndipo mkazi wake anali atatumiza mawu kwa achibale kumudzi. Dalaivalayo ananena uthengawu motsitsa, pakhomo la stolo, koma Fanny anamva.

Madzulo anavala epuloni yake. Khitchini inamulandira ngati sanachokepo. Mpeni unakwana m'dzanja, moto unamumvera, anyezi anafiira mmene amayenera kufiirira. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Luka, anamva mtima ukupepuka, mpaka anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Panja nkhungu inali itafika pamawindo. Antchito anayamba kulowa mmodzimmodzi ndi mbale zawo, n'kuima m'mbali mwa khoma, maso pansi. Che Stambuli anavula chipewa. Bwana Winston anaima kutsogolo, mbale ili m'manja ngati mwana wa sukulu. Aggie anali pakona akutsuka mapoto amene anali oyera kale.

Nkhuku inali itatsala pang'ono kupsa. Fanny anatapa mchere, n'kutambasula mkono pamwamba pa poto.

Dzanja linakana kutseguka.

Anayesanso. Zala zinali zitafumbata zokha, zolimba ngati za munthu wina. Iye ankadziwa kuti mdulo ndi nkhambakamwa. Anali atanena zimenezi pamaso pa alamu ake, anali atatsika phiri ndi kukwera chifukwa cha zimenezi, ndipo lero lomwe anali atapambana. Koma kudziwako kunali m'mutu, ndipo dzanja silinkamva za m'mutu. Linkakumbuka mapazi a Dunstan akunyezimira mu patapata. Linkakumbuka mpata uja pakhomo. Bwanji ngati n'zoona? Bwanji ngati mwa anthu ali m'mbali mwa khomawa, wina mawa nsapato zimuthina? Nanga ana ake ku Chinamwali, amene adzadya za m'manja omwewa? Chomvetsa chisoni n'chakuti panalibenso womuletsa. Chitofu anali atamubwezera, anthu anali atachita manyazi, koma mawu aja amene sanamuuzepo pamaso anali atamulowa kale.

Nthunzi inakwera n'kunyowetsa chibakera chake. Mchere unayamba kusungunuka m'chikhatho, n'kumamuluma m'ming'alu imene sopo anasiya. Onse ankayang'ana dzanja lija, kudikira.

Fanny anabweza mkono pang'onopang'ono. Anafumbatula zala ndi dzanja linalo, n'kukhuthulira mchere wonyowa uja m'phulusa.

"Aggie," anaitana, osatembenuka.

"Achemwali?"

"Tabwera udzandithirire."

Aggie anayang'ana anzake, koma panalibe amene anadzutsa mutu. Anapukuta manja pa epuloni, n'kubwera.